Ku Likoma Miyendo Ikwanira

Kwathu kuno ku Dedza, mwezi wa Juni ukangolowa, madzi ogonera m'ndowa amaluma zala, ndipo nkhungu imakuta phiri kufikira dzuwa litakwera. Amayi anga, amene tsopano ndi okalamba, amavutika ndi nyamakazi nyengo imeneyi kotero kuti masiku ena satuluka m'nyumba. Tsono pamene masukulu anatsekera kumapeto kwa Julayi, zaka zingapo zapitazo, tinapangana kuti banja lonse lipite kukaothera dzuwa kwina kwake mlungu umodzi. Tinalipo asanu ndi mmodzi: ine, akazi anga, ana atatu ndi agogo awo.

Vuto linali lakuti ife galimoto tilibe. Nditakafunsa mtengo wa galimoto ya hayala ya mlungu wathunthu, kuonjezapo mafuta ndi ndalama ya chikole, ndinabwerako nditagwira pakamwa. Akazi anga sanachulutse mawu. Anati, “Inu bambo, musafunse kuti galimoto tiipeza kuti. Funsani kuti ndi malo ati kumene galimoto ilibe ntchito.”

Funso limenelo linachotsa malo ambiri pa mndandanda wathu. Mwana wathu wamkulu ankalakalaka ku Nyika kukaona mbidzi, koma kuchokera pa Rumphi kukafika ku Chelinda pali makilomita oposa 100 a msewu wafumbi, ndipo nyama zake zimaoneka bwino munthu ali pa galimoto. Komanso kumeneko kumagwa chisanu choposa cha ku Dedza. Pa phiri la Zomba ndi pokongola, koma kuthawa mphepo ya phiri lina n'kukagona pa phiri linzake si nzeru. Kutentha kuli kunsi: Dedza ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, pamene nyanja ili pansi pa mamita 500. Choncho tinayang'ana kunyanja, ndipo pa malo onse a kunyanja tinasankha chilumba cha Likoma.

Likoma ndi kachilumba kakang'ono, ka masikweya kilomita pafupifupi 18, ndipo munthu wamphamvu akhoza kuyenda kuchokera kumpoto kufika kumwera dzuwa lisanapendeke. Pamodzi ndi Chizumulu, zilumba ziwirizi zinakhala boma paokha mu 1999, ndipo kalembera wa 2018 anapezako anthu oposa 14,000. Zili m'dziko la Malawi, koma madzi ozizungulira ndi a Mozambique, ndipo mapiri a dzikolo amaoneka pafupi kwambiri chakum'mawa. Magalimoto ndi owerengeka. Wofulumira amakwera njinga yamoto, koma ambiri amangoyenda pansi.

Tinakwera basi kupita ku Mzuzu, kumene tinagona kwa abale, ndipo m'mawa mwake tinatsikira ku Nkhata Bay pa minibasi kukadikira sitima ya Ilala. Anawo ankaganiza kuti Ilala ndi dzina chabe, choncho ndinawafotokozera tili pa doko. Ilala ndi dera la ku Zambia kumene David Livingstone anamwalirira mu 1873. Sitima yoyamba ya dzina limeneli inabwera ndi amishoni a Livingstonia, pakati pawo Dr Robert Laws, ndipo anthu mazanamazana anaisenza pamutu zidutswazidutswa kulambalala mathithi a mtsinje wa Shire, kufikira inalowa m'nyanja mu Okutobala 1875. Imene tinakwera ife inapangidwa ku Scotland, nayonso inafika m'zidutswa, anailumikiza ku Monkey Bay, ndipo inayamba ntchito mu 1951. Agogo atamva chakacho anaseka, nati sitimayo ndi mkulu wawo.

Pano ndiyenera kunena zoona kwa makolo amene angafune kutsata mapazi athu. Nyengo yozizira ndiyonso nyengo ya mwera, mphepo yochokera kumwera imene imautsa mafunde aakulu panyanja. Akuluakulu a kunyanja sanaiwale sitima ya Vipya, imene inamira mu Julayi 1946 ndi anthu 145. Sindikunena izi kuti ndikuopseni, pakuti Ilala yadutsa mwera wa zaka zoposa 70. Ndikunena kuti ngati sitima yakusiyani, musalole kuti changu chikukwezeni ana anu m'boti laling'ono lodzaza mopitirira muyeso mphepo ikuomba. Funsiranitu tsiku la sitima musananyamuke kwanu, popeza imazungulira nyanja kamodzi pa mlungu ndipo nthawi zina imakhala ikukonzedwa; ndipo musaike tsiku lobwerera moyandikana ndi tsiku lotsegulira sukulu.

Tinanyamuka usiku. Pansi pa sitima panali matumba a chimanga, simenti, malata, nkhuku ndi anthu ogona paliponse pamene panapezeka mpata. Ife tinalipira kuti tikhale pamwamba, pamene pali mpweya wabwino, ndipo pamenepo ndi pamene ndinalakwitsa. Poganiza kuti tikupita kotentha, ndinakaniza ana kutenga mabulangete. Pakati pa usiku mwera unatipeza, ndipo mphepo imene tinaithawa ku Dedza inatikwapula pakati pa nyanja. Mwana wamng'ono anasanza kawiri. Mayi wina wa ku Chizumulu, amene sitinamudziwe n'komwe, anamasula chitenje chake nafunditsa agogo, natiuza kuti mwanayo ayang'ane kutali, asayang'ane pansi. Pa Chizumulu tinaona anthu akutsikira m'maboti mumdima, akulandizana makanda ndi akatundu mwaluso lozizwitsa.

Kutacha, Likoma anaonekera: miyala ikuluikulu, udzu wouma, mitengo ya mango, ndi milambe yambirimbiri yopanda tsamba ndi limodzi lomwe. Tinapeza nyumba yogona alendo yotsika mtengo pafupi ndi Mbamba, pamene pali msika ndi maofesi a boma. Malo odula a alendo akunja aliko, koma si okhawo.

Tsiku loyamba tinayenda ulendo waufupi kupita ku Chipyela kukaona tchalitchi chachikulu cha St Peter's cha mpingo wa Angilikani. Amati dzina lakuti Chipyela linabwera chifukwa kale ankaotcherapo anthu oganiziridwa ufiti. Mwala wa maziko unaikidwa mu 1903, ndipo nyumbayo inapatulidwa mu 1911. Munthu sayembekeza kupeza chinyumba chotere pa chilumba chaching'ono chonchi: makoma a miyala, mazenera a magalasi amitundumitundu, ndi mipando yosemedwa bwino. Amene anatilandira anatisonyeza mtanda umene anati unasemedwa kuchokera ku mtengo wa kwa Chitambo, pamene anakwirira mtima wa Livingstone. Mwana wamkulu, uja ankafuna mbidzi, ndiye anatsalira m'mbuyo akufunsabe mafunso.

Masiku otsalawo sanali ndi ndandanda. M'mawa tinkapita kugombe kukagula usipa kwa asodzi obwera kuchokera kokoka chilimira. Masana tinkadya kondowole, nsima ya chinangwa, imene ana anayamba aikana koma pofika tsiku lachitatu ankapempha yoonjezera. Agogo tinkawasiya pamchenga atatambasula miyendo, dzuwa likuwaotcha maondo, akucheza ndi amayi otsuka mbale m'Chinyanja cha kumeneko, chimene chimamveka ndithu ngakhale mawu ena ndi achilendo. Ife tinkatsata tinjira todutsa m'minda ya chinangwa, kukwera zitunda ndi kutsikira ku madooko ena. Pa galimoto ana amagona kapena kukangana; panjira yapansi amalankhula. Pansi pa mlambe wina, tikupuma, mwana wanga wamkazi anandiuza za mnzake amene ankamuzunza kusukulu chaka chonse, nkhani imene sanaitchulepo kunyumba.

Udzudzu ulipo ngakhale nyengo yozizira, choncho neti musaiwale, ndipo tengani ndalama zokwanira m'thumba pamodzi ndi mankhwala a okalamba anu. Ana asasambe pa madzi odekha a m'mabango, poopa likodzo.

Usiku wotsiriza tinakhala panja kuyang'ana nyali za asodzi zitandandalika panyanja ngati mudzi. Sitima itafika tsiku lotsatira, tinakwera tili ndi mabulangete awiri amene ndinagula pa msika wa Mbamba, ndi kathumba ka malambe kamene agogo anakana kuti wina aliyense awanyamulire.