Mwana Amene Maseŵero Athu Amamuiŵala

Chiyambire 1999, pamene Television Malawi inayamba kuonetsa zithunzi kuno ku Blantyre, mabanja ambiri takhala tikusonkhana madzulo kuonera maseŵero. Tikuferanji, m'mene Michael Usi ankaseŵera ngati Manganya, inatithandiza kukamba poyera za Edzi, nkhani imene kale tinkangonong'onezana. Koma pali chilonda china chimene ine monga kholo sindinachione chikutsukidwa bwino m'maseŵero amene ndaonera: nkhanza zimene ana a makalasi apamwamba amachitira a Fomu 1 m'sukulu zogonera komweko, zija azitcha tizing'i.

Mnyamata wosuta chamba ndi wothaŵa sukulu timamuona kaŵirikaŵiri. Timamuseka, ndipo pomaliza amagwidwa, ife n'kukagona mtima uli m'malo. Nanga uja wolandidwa shuga ndi chiponde, wochapitsidwa malaya a anzake usiku, ali kuti? Mwana wa mlongo wanga anapirira zotere chaka chathunthu osaulula, poopa kutchedwa kazitape. Tinazindikira pokhapo anakana kubwerera kusukulu tchuthi chitatha.

Ku Japan nkhanzazi amazitcha ijime. Seŵero lawo lotchuka la Kinpachi-sensei, loonetsedwa pa TBS kuyambira 1979 kufikira 2011, linkasimba za mphunzitsi ndi kalasi lake lonse, kotero kuti vuto la mwana mmodzi linkakhudza onse. Ngakhale zinali chomwecho, mu 2011 mnyamata wa zaka 13 anadzipha mumzinda wa Otsu atazunzidwa ndi anzake, ndipo mu 2013 dzikolo linakhazikitsa lamulo lokakamiza sukulu kupeŵa ndi kufufuza nkhanza zotere. Apa tiphunzirapo kuti seŵero limangotsegula maso, koma kuchitapo kanthu n'kwa anthu.

Inu achinyamata, kumbukirani kuti Du Chisiza Jr. anali wophunzira chabe pa HHI pamene seŵero lake linapambana mpikisano wa sukulu za m'dziko lonse mu 1982. Zochitika m'mahositelo mumazidziŵa kuposa ife. Zilembeni, ndipo musaiŵale kuikamo aja oimirira chapatali, oona zonse koma osanena kanthu, pakuti wankhanza amalimba mtima chifukwa cha iwo. Chaona mnzako chapita, maŵa chili pa iwe.

Makolo anzanga, seŵero likatha tisamangozimitsa wailesi yakanema n'kumwazikana. Timufunse mwana modekha kuti, "Kodi kusukulu kwanu zotere ziliko?" Akakhala chete, tisafulumire kunena kuti palibe. Tidzamufunsenso maŵa, ndipo akaulula, tipite tokha kukaonana ndi aphunzitsi aakulu.