Nkhope nayo imasimba nkhani

Ntchito yanga ndi yophoda anthu ochita mafilimu, ndipo imayambira pa pepala. Ndisanagwire burashi ndimawerenga nkhani yonse, n'kumadzifunsa kuti: mayiyu wagona ndi njala masiku angati? Amalima kapena amakhala mu ofesi? Bala lakeli ndi la dzulo kapena la sabata yatha? Mayankho ake ndiwo ndimawalemba pankhope.

Wanjala ndimamutuwitsa khungu, kumudetsa m'munsi mwa maso ndi kumuumitsa milomo kuti ioneke yong'aluka. Onerani The Boy Who Harnessed the Wind, filimu ya 2019 ya Chiwetel Ejiofor yosimba za William Kamkwamba wa ku Kasungu, muone m'mene nkhope zikufotera njala ikamakula. Woonera amamva ululuwo munthu asanatsegule pakamwa.

Zipangizo zina n'zodziwika kale pakhomo. Thukuta ndi gilisalini wosakaniza ndi madzi. Magazi ndimapanga ndi manyuchi ndi mtundu wofiira wothira m'makeke, n'kuonjezera khofi pang'ono, chifukwa magazi akagona amada. Makwinya ndimapanga ndi latex: ndimakoka khungu, kupaka, kuumitsa, ndipo ndikalisiya limakwinyika lokha. Imvi ndimayambira m'mbali mwa makutu, osati kuyeretsa mutu wonse.

Khungu lakuda lili ndi malamulo ake. Munthu akamenyedwa, malowo safiira kwenikweni. Amatupa, amada, amanyezimira. Ukapaka zofiira zambiri, woonera wa ku Ndirande amaseka, chifukwa amalidziwa bala lenileni. Nayo phoda yowala mopitirira imam'sandutsa munthu mbuu pansi pa magetsi, choncho ndimasakaniza mitundu mpaka ifanane ndi khungu la mwini wake.

Chovuta koposa n'chakuti filimu sajambula motsatira nkhani. Lero tijambula maliro, mawa tijambula malemuwo akadali mnyamata. Chipsera chimene chinali patsaya lakumanzere Lolemba chiyenera kukhala pomwepo Lachisanu, kukula kwake komweko. N'chifukwa chake nkhope iliyonse ndimaijambula pafoni ndi kulemba m'kope zonse zimene ndapaka.

Opanga mafilimu kwathu kuno, chonde muzitiitana nkhani ikadali pa pepala, osati m'mawa wa tsiku lojambula. Gogo wa m'nkhani amafuna nthawi yoyeserera ndi ndalama ya zipangizo. Mukatipatsa zimenezi, woonera adzam'khulupirira gogoyo, ndipo adzalira naye.