Miyendo Yotupa ndi Mapazi Osamva: Za pa Njira ya ku Utale

Inu amene mudziwa Balaka pa siteshoni pokha, tsiku lina mudzatsate njanji kulowera kumwera. Mudzapitirire Nkaya, pamene njanji ya ku Liwonde ndi Nayuchi ipatuka, kufikira ku Utale pafupi ndi mtsinje wa Rivirivi. Dziko lake ndi lachigwa, lotentha, la milambe ndi minda ya thonje. Mvula siichuluka kuno, koma ikagwa madzi adikha m'madambo mpaka ku Shire, ndipo udzudzu uswana kosaneneka.

M'midzi ya m'njira imeneyi mudzaona munthu wina ali kukoka mwendo wotupa ngati mtondo. Ambiri anena kuti anaponda mankhwala m'malire a munda. Iai, abale. Kawirikawiri matendawa adza ndi tinyongolotsi tolowa m'thupi poluma udzudzu womwewo wa malungo. Tikakula tikhala zaka zingapo m'timitsempha tochotsa madzi m'miyendo, nititiononga, ndipo madzi aunjikana. Kwa amuna tinyongolotsi tomweti tibweretsanso phudzi, limene madokotala achiza ndi opaleshoni.

Boma linayamba kugawa mankhwala a matendawa mu 2008, ndipo mu 2009 anafika m'maboma 26, Balaka ndi Machinga omwe. Mu 2020 bungwe la zaumoyo la dziko lonse, WHO, linavomereza kuti matendawa salinso vuto lalikulu m'Malawi. Koma mapiritsi aja analetsa kufala kwa tinyongolotsi, sanaphwetse mwendo wotupa kale. Mwendowo ukali pa mudzi, ndipo ntchito yake yatsalira inu a pa banja.

Yambani ndi kuuyesa. Dinikizani chala chachikulu pa msongolo kwa kanthawi, muchotse. Pakatsala kadzenje, ndiye kuti muli madzi. Ngati kutupa kuphwa munthu akagona usiku, matenda akali pachiyambi. Ngati sikuphwa, khungu nililimba ndi kupinda makwinya, apita patali. Koma miyendo ikatupa yonse iwiri, makamaka kwa mai wapakati kapena munthu wobanika, musachedwe, pitani ku chipatala, pakuti mwina ndi mtima, impso kapena kuchepa kwa magazi.

Mankhwala ake enieni ndi sopo ndi madzi oyera, m'mawa ndi madzulo. Tsukani mwendo wonse, pakati pa zala ndi m'makwinya momwe, mupukute ndi kansalu koyera mpaka paume. Yang'anani bwino pakati pa zala, chifukwa timing'alu ta pamenepo ndito khomo la tizirombo. Tikalowa, mwendo ufiira, utentha, upweteka, munthu nanjenjemera masiku angapo. Nthawi iri yonse zikatero mwendo uonjezera kukula, ndipo zikagwa m'nyengo yopalira kapena yotola thonje, munda wa chaka chonse wapita. Zikachitika, ikani nsalu yonyowa ndi madzi ozizira, wodwala amwe madzi ambiri, apumule, ndipo mupite naye ku chipatala akalandire mankhwala. Masiku abwino aziyendetsa phazi m'mwamba ndi pansi, pokhala asanjike mwendo pa mpando, pogona autsamiritse. Mphini musateme konse. Lumo liri lonse litsegulira tizirombo khomo latsopano.

Mukafika ku Utale mudzapeza Mishoni yakale ya Akatolika, ndi mudzi umene kwa zaka zambiri unalandira odwala khate. Kumeneko muphunzira za phazi la mtundu wina. Mwendo wotupa uja umva kuwawa. Phazi la khate silimva kanthu. Khungu ndiye mlonda wa thupi: limva kukhudza, kutentha, kuzizira ndi ululu, ndipo mitsempha itengera uthengawo ku mutu. Khate liononga mitsemphayo, tsono munthu aponda munga kapena khala la moto osadziwa, chironda nichikula. Zala sizithothoka zokha monga anena anthu. Zitha ndi zironda zosasamalidwa.

Choyesera muli nacho kale m'munda. Tengani kathonje, mukapotokole kakhale kosongoka. Munthu amene ali ndi banga loyezuka pa khungu ayambe waona mmene muli kumkhudzira pa khungu labwino, kenaka atsinzine, nalozetse ndi chala pamene mwakhudza. Akalephera kumva pa banga pomwe, mutumizeni ku chipatala cha Boma ku Balaka kapena kwa mlangizi wa zaumoyo. Kunsi kwa phazi khungu ndi lokhuthala, choncho kumeneko ayesa ndi nsonga ya cholembera, mopepuka. Mankhwala a khate ndi aulere, amwedwa miyezi 6 kapena 12, ndipo woyamba kumwa saopsanso anzake.

Onse awiri, wotupa mwendo ndi wosamva phazi, afunika nsapato zofewa m'kati, zosathina. Ndidziwa kuti ife alimi tikonda kulima opanda nsapato, koma zitsa za thonje la chaka chatha zibaya ngati misomali. Pa msika wa thonje chaka chino, patulani ya nsapato ndi ya sopo musanafike pa golosale.