Phokoso Limene Akulu Sanalimve

M'chaka cha 2020, mliri wa Covid-19 utavuta, mtsikana wina wa ku Mangochi anapeza ntchito pa fakitale yopanga mamasiki mumzinda wa Durban, ku South Africa. Ntchitoyo inkaoneka yopepuka: kuika kachingwe kokoleka kukhutu pangodya ya kansalu, kenaka n'kuponda chopondera. Makina ankamata ziwirizo nthawi yomweyo, popanda ulusi, guluu kapena moto. Malipiro ake ndiwo ankadyetsa mayi ake ndi mwana wake amene anawasiya kumudzi.

Sabata isanathe, anayamba kuweruka mutu ukuphwanya, nseru ili pakhosi. Makina akamata, ankamva kamawu kosongoka ngati kulira kwa nyenje m'mwezi wa Okutobala, ndipo kamawuko kankaliralirabe m'makutu ngakhale atagona. Atadandaula kwa mayi wachikulire wakwawo amene ankagwira naye ntchito, yankho linali lachidule: "Mwana wanga, ine sindikumva kanthu. Pirira, ntchito kuno ndi yosowa." Kapitawo nayenso anatchera khutu pafupi ndi makinawo, napukusa mutu.

Palibe amene ankanama. Mawu alionse ndi kunjenjemera kwa mpweya, ndipo khutu la munthu wathanzi limamva kunjenjemera koyambira ka 20 mpaka ka 20,000 pa sekondi imodzi. Mawu opitirira pamenepa ndiwo amatchedwa ultrasound. Mileme imawagwiritsa ntchito posaka tizilombo usiku, ndipo agalu amamva ena mwa iwo. Makina omatira pulasitiki ngati amenewa amanjenjemera ka 20,000 mpaka ka 40,000 pa sekondi, ndipo kukhuzana kwake ndiko kumasungunula pulasitikiyo. Chitsulo chikagunda chomatidwacho, pamatulukanso mawu otsikirapo, amene khutu limawamva ngati kaphokoso kolasa.

Munthu akamakula, mawu okwera kwambiri ndiwo amayamba kumusowa. N'chifukwa chake mtsikana wa zaka 22 angavutike ndi phokoso limene kapitawo wa zaka 50 salimva n'komwe. Ogwira ntchito pa makina otere akhala akudandaula za mutu, nseru, chizungulire, kutopa ndi kulira kwa m'makutu. Komanso phokoso lomveka lija likakula n'kukhalitsa, limapha timaselo tam'kati mwa khutu, ndipo timeneti tikafa sitimeranso. Malamulo a dzikolo a chaka cha 2003 anaika malire a phokoso pa madesibelo 85 kwa maola 8, koma zida wamba zoyezera zimatsata mmene khutu limamvera, motero zimachepetsa mawu okwera kwambiri. Malo angapezeke kuti ali bwino pamene wantchito akudwala.

Mtsikanayo anaopa kulankhulanso. Mlendo wodandaula ndiye amayamba kuchotsedwa ntchito, ndipo pachipata pankaima anthu ambiri ofuna malo ake. Komabe wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Tsiku lina pa nthawi ya nkhomaliro anafunsa anzake amsinkhu wake, napeza kuti nawonso ankagona ndi nyenje m'makutu, aliyense akuganiza kuti vutolo ndi lake yekha. Anapita pamodzi kwa wantchito mnzawo woyang'anira za chitetezo, amene lamulo la dzikolo la 1993 limafuna kuti akhalepo pa malo a antchito oposa 20.

Zimene anapempha sizinali zokwera mtengo. Mawu okwera kwambiri sadutsa zotchinga mosavuta, ndipo amafooka msanga munthu akatalikira. Bokosi lotsekera makina, zotseka m'makutu zokwana bwino, ndi kusinthana pa makinawo, zimachepetsa vutoli kwambiri. Bokosi silinabwere, koma zotseka m'makutu zinabwera, ndipo anayamba kusinthana. Mutu unaleka kuphwanya. Kulira kwa khutu lakumanzere kokha ndiko sikunathe.

Iye anabwerera ku Mangochi, kumene amalima mpunga. Usiku kukakhala bata, nyenje ija imaimbabe. Mng'ono wake atalembedwa ntchito pa chigayo cha pamsika, mtsikanayo anamugulira zotseka m'makutu asanalandire n'komwe malipiro oyamba. Ndipo mlangizi wa zaumoyo wa m'mudzimo, atamva nkhani yake, anaphunzira kufunsa funso limodzi kwa aliyense wobwera ndi vuto la makutu: "Kodi munkagwira ntchito yanji, pa makina otani?"