Ulendo wathu wa ku zisumbu za kumpoto

Mwezi uno tifuna kukusimbirani za ulendo umene tinayenda pa nyanja m'caka ca 2019, mwezi wa June, ife aphunzitsi awiri a ku mapiri a Dedza, anthu osadziwa kupalasa bwato kapena kusambira. Mwana wamkazi wa mmodzi wa ife anakwatiwa ku cisumbu ca Likoma, ndipo m'mene mau anafika akuti wacira ndi mwana wamwamuna, tinapangana kuti tikaone mdzukulu, tionenso dziko la kumpoto limene tinali kungolimva m'kamwa mwa ogulitsa usipa.

Tinakwera sitima ya Ilala pa Monkey Bay tsiku Lacisanu. Sitima imeneyi ndi nkhalamba ndithu. Anaipanga ku Scotland m'caka ca 1949, naitumiza zidutswa-zidutswa pa njira ya ku Mozambique, ndipo amisiri atailumikiza inayamba kuyenda pa nyanja yathu m'1951. Dzina lace licokera ku dziko la Ilala, ku Zambia, kumene David Livingstone anamwalira m'1873. M'kati mwace tinapeza matumba a cimanga osanjikizana kufikira kudenga, malata, njinga, sopo, shuga ndi nkhuku zomangidwa miyendo. Tinazizwa poona cimanga cocuruka cotere ciri kuoloka nyanja, koma bambo wina amene tinakhala naye pafupi anati: "Kwathu munda ndi nyanja, aphunzitsi. Nthaka ndi miyala yokha-yokha. Cimanga timadya ca kwanu."

Inali nyengo ya mwera, mphepo yaukali imene iomba kucokera kum'mwera miyezi yozizira. Mafunde anali kunyamula sitima ndi kuigwetsanso, ndipo ife a ku mtunda mseru unatigwira, tinagona pansi osafuna kuona cakudya. Amai a ku nyanja anatiseka pang'ono, komabe ndiwo amene anatipatsa ndimu kuti tiyamwe, natifunda nsaru zao. Kutaca tinaona cinthu conga utsi wakuda ciri kukwera pa madzi kutali, tinayesa kuti ngalawa ina iri kupsa. Anatiuza kuti ndi nkhungu, tizirombo tating'ono touluka timene tibadwira m'madzi. Mphepo ikatikankhira ku mtunda akazi atikola ndi madengu, natikanya, naphika ndiwo.

Tinafika ku Likoma usiku, mdima uli bii. Masiku amenewo sitima inali kuima patali ndi gombe, ndipo anthu anali kutsikira m'maboti ang'ono, natsiriza ulendo wao ndi kuponda m'madzi ofika m'maondo, katundu ali pa mutu. Pa gombe panali phokoso la anthu oitana abale ao, koma panalibe woitana ife. Tinamva pambuyo pace kuti mkamwini wathu anaolokera ku Cobwe kukagula nkhuni, ndipo mwera unamtsekereza komweko. Lamya yathu ya m'manja inali itatha moto pa sitima. Anthu anabalalika mmodzi-mmodzi, ife tinatsala patsinde pa mlambe, zobvala ziri zonyowa, mano ali kugundana ndi cisanu.

Pamenepo anatipeza mai wina wokalamba, wamasiye, amene anadza kulandira kathumba ka mcere kocokera kwa mwana wace. Anatiunika ndi nyali nati: "Kodi alendo, muli kudikira yani?" Tinamuuza kuti tipita ku Makulawe. Iye anapukusa mutu nati: "Kumeneko ndi kumapeto a cisumbu, usiku uno simungafikeko. Tiyeni kwathu, mlendo sathyola mphasa." Ife tinadziwa kuti anthu ambiri a pa cisumbuco ndi Aanglikani, ndipo tinaopa kuti angadzamve mawa kuti wasunga anthu a mpingo wina, nakhumudwa. Cotero mkulu wa ife anati: "Mai, tisakubisireni, ife ndife aphunzitsi a Akatolika." Maiyo anaseka nati: "Njala iribe mpingo, bambo. Nyamulani katundu wanu."

Nyumba yace inali ya zipinda ziwiri. Anasonkha moto waukulu kuti tiothe ndi kuyanika zobvala, natenthetsa madzi osamba, naphika kondowole ndi usipa. Kondowole ndiyo nsima ya cinangwa: abviika cinangwa m'madzi masiku angapo, naciyanika pa miyala, nacisinja. Imamata m'zala, ndipo sitinazolowere fungo lace, koma usiku umenewo tinatsiriza mbale yonse. Iye ndi mdzukulu wace anagona ku khichini, natisiyira ife mphasa zao.

M'mawa titaturuka pabwalo, maso athu anaona zimene mdima unatibisira. Milambe ikulu-ikulu iri ponseponse pa cisumbu, ina iri ciriri pakati pa miyala, yopanda masamba nyengo imeneyo, ndipo pakati pace pali mitengo ya mango yobiriwira. Magombe ace ndi ang'ono-ang'ono, a mcenga woyera, obisika pakati pa matanthwe. Madzi ali mbee, kotero kuti munthu aona pansi, ndi tinsomba ta mbuna, tabuluu ndi tacikasu, tiri kudya ndere pa miyala. Kum'mawa mapiri a Mozambique aoneka pafupi ngati ungaitane munthu wa tsidya lija nakuyankha, pakuti mtunda wace ndi makilomita 7 okha.

Mdzukulu wa mai uja, mnyamata wa pa sukulu, ndiye anatiperekeza ku Makulawe. Pa njira tinamfunsa kumene atola nkhuni, popeza sitinaone nkhalango. Anati nkhuni agula kwa anthu a mabwato ocokera tsidya lija, ndipo mtolo umene tinaotha usiku unali woti uwafikitse sabata yonse. Anationjezera kuti ufa umene tinadya unali wotsiriza m'dengu, cinangwa cina cikali m'madzi. Titamva izi miyendo yathu inalemera. Tsiku lacitatu tinabwerera kwa maiyo ndi ndalama m'manja, koma anakana kolimba nati: "Kupatsa nkuika, aphunzitsi. Ana anga awiri ali ku mtunda kwanuko. Tsiku lina dzuwa lidzawalowera pa njira, ndipo adzagogoda pa khomo la munthu amene sindimdziwa." Analandira kokha nyemba zimene tinatenga kwathu, cifukwa zinali mphatso.

Tinakhala pa Likoma sabata yathunthu, tiri kulera mdzukulu ndi kuyenda-yenda. Cisumbuco ndi cacing'ono, munthu wa miyendo yolimba acimariza tsiku limodzi kucokera ku Makulawe kufikira ku Nkhwazi; koma pamodzi ndi cinzace ca Chizumulu cisunga anthu oposa 14,000, monga anawerengera a boma m'2018. Zisumbu ziwirizi zazingidwa ndi madzi a Mozambique, komabe ziri za Malawi. Cifukwa cace ndi ici: amishoni a ku England a U.M.C.A. anakhazikika pa Likoma m'1885, ndipo m'mene Angerezi ndi Apwitikizi anagawana maiko m'pangano la 1891, zisumbuzi zinatsala m'manja mwa Angerezi.

Tinakaonanso chalichi cacikulu ca Petro Woyera, cimene mbiri yace inafika ndi kwathu komwe. Anaika mwala woyamba m'1903, nacipatula m'1911. Utali wace uli pafupi mamita 100, ndipo ciri ndi mazenera a magalasi amitundu-mitundu ndi mipando yosema pa mwala. Malo amene cimangidwa achedwa Chipyela, cifukwa kale anali kutentherapo anthu onamiziridwa ufiti. Mkulu amene anatitsegulira anatisimbiranso za Chauncy Maples, amene atangodzozedwa kukhala bishopu wa Likoma m'1895 anamira m'nyanja yomweyi ngalawa yace itagubuduzika ndi namondwe, asanafike pa cisumbu; manda ace ali ku Nkhotakota. Madzulo tinali kukhala pa gombe ndi kuona asodzi ali kuturuka ndi makoka ao a cilimira, nyali zao ziri ngwee pa madzi ngati mudzi woyandama, pakuti usipa utsata kuwala.

Sitima itabweranso tinatsazika, tinapitirira kumpoto. Tinaima pa Chizumulu, cisumbu cacing'ono ca mapiri, kumene anthu alima cinangwa m'mizere yochinga ndi miyala kuti mvula isakokolole dothi. Kucokera pamenepo tinaolokera ku Nkhata Bay, dziko la Atonga, kumene mitengo iri yobiriwira caka conse cifukwa ca mvula yambiri. Kumpoto kwa Nkhata Bay gombe lisanduka. Mapiri atali agwera m'nyanja mwacindunji, osasiya malo a munda, ndipo midzi ikangamira m'mbali mwa phiri monga zisa za namzeze. Kumeneko ndiko nyanja izama koposa, pafupi mamita 700, ndipo madzi ace aoneka akuda. Pa Usisya pali cigwa ca mcenga coturukira m'nyanja. Pa Ruarwe pali mtsinje wotsika m'matanthwe, ndipo anthu afikako ndi bwato kapena pa miyendo. Sitima ikaliza lipenga lace mudzi wonse utsikira ku gombe, mabwato naizinga, ena ali kugulitsa nthoci ndi nsomba zootcha, ena ali kukweza wodwala wopita ku cipatala. Tinaona mlendo wina ali kutsika pa Ruarwe wopanda womcingamira, ndipo asanaponde pouma anyamata awiri anali atamlandira kale katundu.

Tiri kuyandikira Chilumba, kumene sitima itembenukira, mkulu wina wa imvi anatilozera madzi a kufupi ndi Chitimba, pansi pa phiri la Livingstonia, nati pamenepo ndipo inamira sitima ya Vipya pa 30 July 1946, ndipo anthu 145 anatayika tsiku limodzi. Anakhala cete kanthawi, kenaka anati: "Ife a ku nyanja sitifunsa mlendo kuti ndiwe yani asanadye. Mphepo ikhoza kutaya munthu ali yense pa gombe la eni. Lero yataya iwe kwathu, mawa idzataya ine kwanu." Mau amenewa anatimasulira zonse zimene tinaona pa ulendowu. Anthu amene moyo wao uli m'manja mwa mphepo adziwa kuti palibe munthu amene sadzasowa pogona, ndipo aphunzitsa ana ao kutsegula citseko.

Tsono, abale, tiyenera kuulula kanthu kamene kanatilasa mtima pobwerera. Caka cimodzi tisanayende ulendowu, munthu wina wa ku nyanja, wogulitsa usipa pa njinga, anafika pa khomo la mmodzi wa ife dzuwa litalowa, mvula iri kugwa, napempha pogona. Tinamuyankha kuti malo palibe, apite kwa amfumu. Malo analipo, nkhokwe inali yodzala, nkhuni zinali mulu kuseri kwa nyumba. Koma tinaopa fungo la nsomba, tinaopanso kuti kapena ndi mbala. Munthuyo anati zikomo, nakankha njinga yace mumdima. Sitidziwa dzina lace kapena kumene anagona. M'mene mai wa pa Likoma ananena za ana ace awiri a ku mtunda, nkhope ya munthu uja inabwera m'maso mwathu, ndipo kufikira lero tidzifunsa ngati sanali mmodzi wa iwo.

Sitinena kuti mutsegulire ali yense mosasamala, pakuti masiku ano akuba aliko. Mlendo wosadziwika muyambe mwamuonetsa kwa amfumu monga mwa mwambo wathu, koma atatero adye ndi kugona. Ife amene tiri ndi minda yaikulu ndi nkhalango pafupi tisapambanidwe ndi wamasiye amene agula nkhuni tsidya la nyanja. Amai, potsira ufa mu mphika muonjezeko dzanja limodzi. Abambo, mphasa imodzi ikhale yopinda pa ngodya, yodikira munthu amene dzuwa lamlowera. Ndipo ana anu aziona zimenezi, cifukwa iwonso adzayenda maulendo kumene inu simudzakhalako.

Mdzukulu wathu tsopano ayenda ndi kulankhula, ndipo amace alemba kuti akana nsima ya cimanga, afuna kondowole. Mai uja timtumizira nyemba caka ndi caka tikakolola. Tsalani bwino nonse, Ambuye akusungeni m'nyumba zanu ndi pa maulendo anu.