Mpopi wa pamudzi ngwayani?

Kwathu ku Mulanje mawu akuti “boma” ali ndi matanthauzo angapo. Munthu akati “ndikupita ku boma” ndiye kuti akulunjika kumene kuli maofesi, chipatala chachikulu, polisi ndi khoti. Akati “boma la Mulanje” akunena dera lonse, kuchokera ku Thuchila mpaka kumalire a Muloza, kumene kalembera wa 2018 adapeza anthu oposa 680,000. Akangoti “boma” basi, uku akuloza kumpoto ndi mlomo, akunena akuluakulu a ku Lilongwe. Koma lilipo tanthauzo lina limene aphunzitsi sadatiphunzitse. Chinthu chikatchedwa “chaboma” ndiye kuti chilibe mwini. Desiki yaboma ikathyoka imakathera pamoto wophikira phala, ndipo mpopi waboma ukhoza kuchucha mwezi wathunthu anthu akungolumpha matope ake.

Nkhani yanga lero ndi ya mpopiwo, pakuti mwa ntchito zonse zimene khonsolo imayenera kuyang'anira, monga misika, sukulu za pulayimale, zipatala zazing'ono ndi misewu ya kumidzi, madzi ndiwo ndidakula ndikuwaona pafupi.

Ntchito ya mipopi ya madzi oyenda okha kuchokera m'phiri idayambira kwa Chingale ku Zomba mu 1968. Posakhalitsa idafika ku Chambe kuno ku Mulanje, ndipo m'zaka za m'ma 1970 idafalikira m'midzi yambiri yozungulira phiri. Nzeru yake njosavuta. Phiri lathu ndi lalitali, mamita 3,002 pa Sapitwa, ndipo mitsinje ngati Likhubula, Lichenya ndi Muloza imatsika ndi madzi ngakhale m'chilimwe. Mukatchinga madzi kumtunda n'kuwalowetsa m'paipi, amatsika okha mpaka ku thanki, kuchoka apo n'kugawikira m'midzi. Safuna injini, safuna dizilo. Boma ndi mabungwe othandiza ankapereka mapaipi, simenti ndi amisiri, koma ngalande ankakumba eni mudzi ndi makasu awo, mudzi uliwonse chigawo chake ndi tsiku lake.

Mayi anga adali msungichuma wa komiti ya pampopi wathu. Ofesi yawo idali chitini cha mkaka ndi kabuku kasukulu kopindikapindika. M'kabukumo mudali maina a mabanja onse otunga pampopipo ndi zimene aliyense wasonkha. Rabala ya m'kati mwa mpopi ikatha, sankalembera munthu kalata. Ankatsegula chitini, n'kutuma mnyamata kukagula ina, n'kuitana bambo wina amene adaphunzitsidwa kukonza. Loweruka amayi ankasinthana kusesa ngalande yotaya madzi. Wotsukira mbale kapena kuchapira matewera pampopi ankamva zowawa kwa mayi anga asadafike n'komwe kwa anyakwawa.

Sindikunena kuti masiku amenewo adali a uchi wokhawokha. Ena ankapita kokumba chifukwa choopa tcheyamani wa chipani, ndipo ayufi omwe ankatsekereza amayi pachipata cha msika kufuna khadi sadali kutali ndi ntchito zachitukuko. N'chifukwa chake ndale za zipani zambiri zitafika mu 1994, andale ena atayamba kunena kuti ntchito yodzithandiza ndi thangata, anthu adaomba m'manja. Kuno ku Mulanje mawu amenewo ngolemera. Azigogo athu ankagwira thangata weniweni m'minda ya azungu polipira malo okhalapo. Ndani akadafuna kumvanso dzina limenelo? Koma potaya mantha tidataya pamodzi ndi chitini chija. Ntchito za MASAF zitayamba kulipira anthu polambula misewu, funso la pamsonkhano uliwonse lidasanduka lakuti, “Kodi pali kangachepe?”

Chimene chidayenera kulowa m'malo mwa tcheyamani woopsa uja chidali chabwino ndithu. Mu 1998, chaka chomwe Phalombe idapatukana ndi Mulanje n'kukhala boma palokha, dziko lidakhazikitsa ndondomeko ya mphamvu ku anthu pamodzi ndi lamulo latsopano la maboma ang'onoang'ono. Njira yake idakonzedwa chonchi: anthu a kwa gulupu amakambirana zosowa zawo m'komiti ya chitukuko cha m'mudzi, ya VDC. Zimenezo zimapita ku ADC, komiti ya dera lonse la mfumu yaikulu, monga kwa Mabuka, kwa Chikumbu, kwa Nkanda kapena kwa Njema. Kuchoka apo zimakalowa m'pulani ya chitukuko ya boma lonse, imene makhansala osankhidwa ndi anthu amaivomereza pamodzi ndi bajeti yake. Mafumu amakhala nawo pamsonkhano wa khonsolo koma savota. Ndondomekoyo idalonjezanso kuti magawo 5 pa 100 aliwonse a ndalama zimene boma lalikulu limatolera azipita ku chitukuko cha m'makhonsolo, ngakhale kwa zaka zambiri zofikazo zinkachepera pamenepo.

Makhansala oyamba pansi pa lamuloli tidawasankha mu November 2000. Nthawi yawo itatha mu 2005, chisankho china sichidachitike mpaka pa 20 May 2014. Tangoganizani, zaka 9 dziko lonse lopanda khansala! Mwana amene adayamba Sitandade 1 makhansala akutsanzika adafika ku sekondale asadaonepo khansala ndi maso. M'zaka zomwezo, mu 2006, mudabadwa thumba la CDF lomwe anthu adalizolowera ngati ndalama za phungu, ndipo mu 2010 lamulo lidasinthidwa kuti aphungu azivota nawo m'khonsolo. Mu May 2025 khoti loona za malamulo oyendetsera dziko lidagamula kuti zimenezi zikusemphana ndi malamulowo. Koma chizolowezi sichimva chigamulo. Tidaphunzira kudikira galimoto ya olemekezeka pamaliro, kuti tikawanong'oneze za bokosi, za fizi, ndi za mpopi womwe. Mlatho kapena chigumbi cha sukulu tinkachitcha mphatso, n'kuvina, ngati kuti ndalamazo zachokera m'thumba mwa munthu.

Komatu ndalama zimenezo ndi zathu. Mchemwali wanga amagulitsa zinanazi ndi mapeyala pamsika. M'mawa uliwonse, asadagulitse ngakhale chinanazi chimodzi, amadula chiphaso cha msika. Tsiku lina ndidamufunsa kumene amaika timapepalato. Adaseka: “Achimwene, ndizisungiranji? Bola asandithamangitse basi.” Iye amaona chiphaso ngati chishango chotchingira wotolera msonkho, monga momwe khadi lidalili kale. Chonsecho kapepalako ndi umboni wa ngongole. Msonkho wa pamsika, malaisensi a magolosale ndi mabala, ndi ndalama za pamadepoti ndizo khonsolo imadzitolera yokha, ndipo wolipira ali ndi ufulu wonse wofunsa za chimbudzi cha pamsika, za dzala la zinyalala ndi za madzi osamba m'manja. Misika ikuluikulu ngati Limbuli ndi Chitakale imadzaza ndi amayi onga iyeyu. Atati onse afunse tsiku limodzi kuti mwezi watha zidatoleredwa zingati ndipo zidagwira ntchito yanji, ndani angawanyalanyaze?

Kufunsa timatha tikafuna. Pamene a Blantyre Water Board adakonza zotenga madzi a Likhubula kupita nawo ku Blantyre, anthu a kuno adadzuka n'kufunsa poyera kuti nanga eni phiri amwa chiyani, nanga mitengo yosunga madziwo aibwezeretsa ndani. Madziwo adayamba kuyenda mu 2019, koma mafunso aja adamveka dziko lonse. Chodabwitsa n'chakuti tili ndi mawu pa paipi yaikulu yopita kutauni, koma pa kampopi ka pakhomo timangoti zii.

Mu March 2023 namondwe wa Freddy adagumula mapiri, adakokolola midzi ndi anthu, ndipo adazula mapaipi ndi zotchingira madzi m'malo ambiri kuno ndi ku Phalombe. Kwathu mipopi idauma, amayi n'kubwerera kumtsinje kumene anzawo ankachapira, pa nthawi yomwe kolera idali itavuta kale m'dziko muno. Padaitanidwa msonkhano pansi pa mtengo wa mango, khansala wathu n'kubwera pa njinga yamoto. Ambiri tinkayembekeza madandaulo anthawi zonse. Koma adaimirira anganga ena, mmodzi mwa omwe adakumba nawo ngalande zoyamba zija ali mtsikana.

“A khansala,” adatero, “ife sitinabwere kudzapempha ayi. Tangotiuzani, paipi yaikulu ija ndi yandani, yaing'onoyi ndi yandani? Yathuyo tiyamba mawa lomwe. Yanuyo mutiuze tsiku.”

Khansalayo adayankha mwaulemu. “Anganga, mwafunsa bwino. Kumtunda kotchingira madzi ndi paipi yaikulu ndi za bungwe la ogwiritsa ntchito madzi, mothandizidwa ndi ofesi ya zamadzi ya khonsolo. Zimenezo ndikazitula ku ADC ndi ku khonsolo, ndipo ndidzabwera ndi yankho. Koma nthambi yolowa m'mudzi muno ndi mpopi womwe, amenewo ndi anu.”

Padalibe kuvina, padalibe nsalu zachipani. M'mawa mwake anyamata adafukula nthambi ija ndi makasu, amayi adasankha msungichuma watsopano, ndipo mlembi wa VDC adalemba m'kope tsiku limene khansala adalonjeza kubweranso. Tsikulo litakwana anthu adasonkhana osaitanidwa. Madzi sadabwere msanga, poti kukonza kumtunda kudafuna ndalama zochuluka, koma mwezi ndi mwezi tinkadziwa pamene nkhani yafika ndi amene akuigwira.

Apa ndipo ndidaona kusiyana kwa thangata ndi umwini. Pa thangata umagwira ntchito, wina n'kukolola, iwe osafunsa kanthu. Pa umwini umagwira gawo lako, kenako n'kuima chilili kufunsa mnzako za gawo lake. Anganga aja sadawerengepo lamulo la 1998, koma adalimvetsa kuposa ambiri a ife odziwa Chingerezi.

Zida zofunsira zilipo kale. Misonkhano ya khonsolo yonse njotseguka kwa anthu wamba. Munthu ukhoza kukakhala kumbuyo n'kumva mmene akugawira bajeti. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza uthenga ku maofesi a boma lidayamba kugwira ntchito mu September 2020, choncho kufunsa mtengo wa chigumbi cha sukulu si mwano ayi. Mavoti a khansala timaponya tsiku limodzi ndi a pulezidenti ndi a phungu, monga tidachitira pa 16 September 2025, koma ndi angati mwa ife angatchule dzina la khansala wa wodi yawo popanda kukanda m'mutu? Akuluakulu adati safunsa adadya phula.

Mvula isadagwe chaka chino, pitani pampopi wa kwanu mukaone ngati komiti ilipo, ndipo ngati ilipo mufunse amene akusunga kabuku. Mukapeza kuti palibe, kauzeni anyakwawa aitanitse msonkhano, ndipo khansala adziwitsidwe tsiku lake. Rabala ya mpopi njotchipa kuposa botolo limodzi la diripi ku chipatala.