Mabotolo a madzi pa Dongfeng East Road

Sitima ya pansi pa nthaka ku Guangzhou imayambira 2 yuan. Nditatulukamo, kutentha kwa chinyezi kunamatitsa malaya kumsana ndisanafike n'komwe pachipata cha Sun Yat-sen University Cancer Center, pa Dongfeng East Road. M'mbali mwa msewu munkanunkhira phala la mpunga lomwe achibale amagulira odwala amene sangathenso kumeza chakudya cholimba.

Kuno kummwera kwa China khansa ya kuseri kwa mphuno, pamwamba penipeni pa mmero, ndi yofala moti ena amaitcha khansa ya ku Canton. Madokotala amaloza kachilombo ka Epstein-Barr, mtundu wa makolo, komanso nsomba zothira mchere zomwe ana ankayamba kudya atangosiya kuyamwa. Malo amene chotupacho chimamera ndi obisika, pafupi ndi tsinde la chigaza, ndipo mpeni sufikako bwino. N'chifukwa chake chithandizo chachikulu ndi radiotherapy, kuwotcha chotupa ndi cheza.

M'chipinda chodikirira munkazizira mpaka ndinapinda manja. Anthu anali phee, kungomveka mawu oitana manambala. Ndiye ndinaona mabotolo. Pafupifupi aliyense anali ndi lake, akumwa pang'onopang'ono, chifukwa cheza chimadutsa m'tiziwalo topanga malovu ndipo m'kamwa mumauma gwa. Khungu la m'khosi mwa ena linali litada ngati la munthu amene wakhalitsa padzuwa m'munda.

Pakhonde lina panali mashelefu a zigoba zapulasitiki zobowokabowoka, chilichonse ndi dzina la mwini wake. Pulasitikiyo amaifewetsa m'madzi otentha, n'kuiyala pankhope ndi pamapewa, ikazizira imatenga maonekedwe a munthuyo, mphuno, chibwano ndi zonse. Wodwala akagona amakhomerera chigobacho pabedi kuti mutu usasunthe ngakhale pang'ono, pakuti maso, mitsempha ya makutu ndi ubongo zili pompo. Chitseko chokhuthala chimatsekedwa, aliyense atuluka, makina n'kumazungulira mutu akulira mwakachetechete kwa mphindi zochepa. Mawa lake abweranso, Lolemba mpaka Lachisanu, maulendo 33 kapena 35, kukwanitsa mlingo wa cheza wa 70 Gy.

Chomwe chinandikokera kuno ndi funso la dripi ya cisplatin, mankhwala a chemotherapy omwe amathandiza cheza koma amasanzitsa, amavulaza impso ndi makutu, komanso amakulitsa zilonda za m'kamwa. Khansa ikapezeka pa siteji 1, cheza chokha chimakwana. Pa siteji 2 panali mkangano. Kafukufuku wa 2011, wa nthawi ya makina akale, anasonyeza kuti dripiyo imapulumutsa miyoyo. Koma mu 2022 madokotala a pano anafalitsa m'magazini ya zachipatala ya JAMA zotsatira za odwala 341 a chiopsezo chochepa, othandizidwa ndi makina olunjika bwino a IMRT. Patatha zaka 3, amene anali moyo khansa isanabwerere anali 90.5 peresenti mwa olandira cheza chokha, ndi 91.9 peresenti mwa olandira zonse ziwiri. Mavuto aakulu a chithandizo anagwera 17 peresenti okha mwa olandira cheza chokha, poyerekeza ndi 46 peresenti mwa olandira zonse ziwiri.

Kwa munthu amene akulimbana ndi supuni ya phala, kusiyana kumeneku n'kwakukulu, ndipo ndikuona kuti aliyense woyenera kupewa dripiyo azipatsidwa mpata. Komabe amene mwanabere wa m'khosi wakula kufika masentimita 3, kapena kachilombo ka Epstein-Barr kachuluka m'magazi, sanali m'kafukufukuyu. Iwowo amalandirabe cisplatin.